Matebulo Atatu ku Msongwe

Foni inalira Lachiwiri masana, Marwa ali pa makina akusoka mayunifolomu a sukulu mu shopu yake yaing'ono kuseri kwa msika waukulu wa Mzuzu. Nambala inali yachilendo.

"Kodi ndikulankhula ndi a Marwa, mwana wa malemu Amida?"

Anali mawu a mwamuna. Chichewa chake chinali cha ku Blantyre, chosalala, koma pena lilime linkalemera ngati la munthu amene kunyumba amalankhula chinenero china.

"Eya, ndine. Ndinu ndani?"

"Dzina langa ndi Habib. Ndine mwana wa a Muhammad, amene anali ndi sitolo ya nsalu ku Limbe. Ndikubwera ku Mzuzu Loweruka. Pali nkhani ya mapepala a nyumba imene ndikufuna tikambirane pamaso."

Phazi la Marwa linachoka pa chopondera cha makina. A Muhammad anali bambo ake omubereka, munthu wa ku Lebanon amene iye sanamuonepo ngakhale pa chithunzi. Mayi ake, mtsikana wa ku Mangochi, ankagwira ntchito mu sitolo ija. Atatenga pakati, bwanayo, yemwe anali kale ndi mkazi ndi ana, anawagulira puloti ku Chiputula, kutali ndi maso a anthu a ku Limbe, nawakweza basi. Amida anamanga nyumba pa pulotipo pang'onopang'ono ndi malonda a usipa. Koma pepala la puloti linalembedwa m'dzina la bwanayo, ndipo linatsala m'manja mwake. M'nyumba imeneyo ndi mmene Marwa ankakhala tsopano ndi ana ake awiri, mwamuna wake atamwalira.

"Kunyumba musabwere," Marwa anatero mofulumira. "Ndikuuzani ndine pokumanira."

Atadula foni anakhala wosasuntha mpaka Wiza, mayi wa shopu yoyandikana nayo wogulitsa ulusi ndi mabatani, anasuzumira pakhomo.

"Makina aima bwanji? Mwadwala?"

Marwa anamufotokozera zonse. Wiza anali Mtumbuka wa ku Rumphi, wamkulu kwa Marwa ndi zaka khumi, ndipo sankachedwa kupereka maganizo.

"Akufuna nyumba ameneyo," anatero Marwa. "Madala ayenera kuti amwalira, ndiye ana akusonkhanitsa chuma."

"Mwina enya, mwina yayi," Wiza anayankha. "Koma mverani ine. Munthu wokhuta sachita nkhanza msanga. Mumutengere kumene angadye chakudya cha kwawo, mtima ufewe. Kenako mumuuze za ana anu."

Marwa anaganizira. Sanafune kukumana naye mu hotela, mmene iye akanaoneka ngati wantchito wobwera kudzapempha. Sanafunenso kumutengera pa chiimire cha mumsika, pamene aliyense akanatchera khutu.

"Koma wolipira ndikhale ine," anatero. "Asadzanene kuti anandidyetsa."

"Ndiye tifune malo otchipa," Wiza anatero akuseka. "Thumba lanu ndikulidziwa."

Vuto linali loti onse awiri sankadziwa kuti anthu a ku Lebanon amadya chiyani, ngakhalenso ngati mu Mzuzu muli pophikira zoterozo. Wiza analemba pa foni yake. Foniyo inawaonetsa malo ambiri a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndi awiri okha a mu Mzuzu.

Lachitatu anatseka mashopu nthawi ya nkhomaliro n'kuuyamba. Kunja kunkawaza kamvula ka mu Epulo kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa m'mafupa. Malo oyamba anawapeza mosavuta, koma pakhomo panali matumba a simenti ndi malata. Mwini wake anati lesitilanti ija inatsekedwa zaka zitatu zapitazo, ndipo anthu amabwerabe kudzamufunsa.

"Foni zanuzo zimanama," anatero bamboyo akukutumula fumbi m'manja.

Malo achiwiri anali mu loji ina ya mpanda wautali ndi maluwa odulidwa bwino. Woperekera zakudya anawalandira mwaulemu nawapatsa buku la mitengo. Marwa anayang'ana tsamba loyamba, nalitseka. Mbale imodzi inali yofanana ndi mayunifolomu asanu.

"Komanso amene ankaphika zimenezi anachoka," woperekerayo anawanong'oneza, ngati wowamvera chisoni. "Tikaphika ife, zimakhala dzina lokha."

Atatuluka pa geti Wiza anapumira m'mwamba. "Yewo, adada, mwatipulumutsa," anatero, ngakhale munthuyo anali atabwerera kale mkati.

Lachinayi wina anawauza za bambo wogulitsa shawama pafupi ndi depoti. Anapita. Bamboyo anatenga chapati, n'kuikamo tchipisi, kabichi, tinyama tiwiri ndi mayonezi wambiri, n'kukulunga. Wiza anadya yake yonse nati ndi yokoma chomene. Marwa anafunsa ngati chimenecho n'chakudya cha ku Lebanon.

"Mayi, ine ndinaphunzira ku Tunduma," bamboyo anayankha moona mtima. "Za ku Lebanon sindikuzidziwa."

Madzulo ake Marwa anayenda wapansi kubwerera ku Chiputula. Atafika anaima panja n'kuyang'ana nyumbayo: khonde limene mayi ake anazira okha, mapeyala awiri amene anabzala, chipinda chakumbuyo chimene mwamuna wake anawonjezera. Ana anali mkati akukangana za wailesi. Sanawauze kanthu. Chakudya chinamukanika, ndipo popemphera anasokoneza mawu kawiri konse.

Lachisanu m'mawa Wiza analowa mu shopu ambulera isanatsekedwe.

"Ndawapeza! Dzulo ku umanyano wa amayi kutchalitchi ndinafunsa. Kuli mayi wina ku Msongwe, dzina lake Keziya. Anagwira ntchito yophika kwa Alebanoni ku Lilongwe zaka zambirimbiri. Tsopano akuphika pakhomo pake. Palibe chikwangwani, amapita ndi odziwa okha."

"Mitengo yake?"

"Amadyako aphunzitsi ndi manesi. Ndiye ganizani nokha."

Tsiku limenelo Wiza anali ndi maliro ku Lupaso, choncho Marwa anapita yekha. Anakwera njinga ya kabaza, imene kuno amati sakramento, mpaka pamene phula limathera, n'kufunsa amayi ogulitsa tomato. Anamulozera nyumba ya njerwa zootcha yokhala ndi mtengo wa mandimu pakhomo. Asanafike n'komwe, anamva fungo la adyo ndi nyama yootcha pa makala.

Pakhonde panali matebulo atatu ofundidwa pulasitiki, ndi mipando yosafanana. Pa tebulo limodzi amuna awiri ovala mayunifolomu a kampani ya alonda ankadya ndi manja, akuseka. Mayi wamfupi wa imvi m'mbali, atamanga epuloni pamwamba pa chitenje, anatuluka akupukuta manja.

"Monire, mama. Khalani pansi."

"Yewo. Ndinu Mayi Keziya?"

"Ndine amene."

Mayiyo anayang'ana nkhope ya Marwa, khungu lake loyererapo, mphuno ndi nsidze zake, koma sanafunse kanthu. Marwa anayamba ndi funso la nyama, ngati ndi yochinjidwa mwa Chisilamu. Keziya anati amagula kwa a Salumu a ku bucha ya pafupi ndi mzikiti, chifukwa theka la makasitomala ake ndi Asilamu. Kenako anatchula mitengo. Marwa anamubwerezetsa, poganiza kuti sanamve bwino. Chakudya cha anthu awiri sichinkafika ngakhale pa theka la mbale ija ya ku loji. Mapewa ake anatsika kwa nthawi yoyamba chiyambire Lachiwiri.

"Mawa ndibwera ndi mlendo," anatero. "Ndi wa ku Lebanon. Koma ine zakudya zake sindikuzidziwa. Ndikuopa kuchita manyazi."

"Ndiye mulawe lero, mawa musakadabwe."

Keziya anabweretsa timbale tating'ono. Analoza chimodzichimodzi. Chophwanyaphwanya chotuwa chija anati ndi humusi, tchana wosinja ndi chitowe, adyo ndi mandimu. Timipira tokazinga tija ndi falafelo, natonso ta tchana. Panalinso mabiringanya ootcha osinja, saladi wa masamba odula tating'onoting'ono, ndi buledi wopyapyala wofufuma pakati.

"Supuni musafune. Mung'ambe buledi, mutape."

Marwa anatapa humusi. Anali wozizira, wowawasa, ndipo anamata m'kamwa. Sanamukonde. Anachita manyazi ndi zimenezo, ngati kuti magazi ake anayenera kuzindikira chakudyacho. Keziya anaona nkhope yake naseka.

"Inenso tsiku loyamba ndinakalavula kuseri kwa khitchini. Ndinati anthu awa akudya phala losaphika. Yesani falafeloyo akadali wotentha."

Falafelo anali wokhukhuta kunja, wofewa ndi wobiriwira mkati. Ameneyo Marwa anadya anayi.

"Zina sindizipeza kuno," Keziya anapitiriza atakhala pa mpando woyang'anana naye. "Mafuta a olivi ndi odula, ndimangodontheza pamwamba. Chitowe ndimagula kwa amayi a ku Karonga, ndimakazinga ndi kusinja ndekha. Madamu amene anandiphunzitsa akanaona mtondo wanga akanakomoka. Koma abale awo akadutsa kuno popita ku boda ya Songwe, amaima."

Pamenepo Marwa, amene sankakonda kuuza anthu za moyo wake, anapezeka atanena kuti mlendoyo ndi mwana wa bambo ake, ndipo sanaonanepo. Keziya anangogwedeza mutu.

"Ndikuikirani tebulo la kumapetoko, pafupi ndi ndimu. Palibe amene adzamve."

Loweruka Marwa anafika ola lathunthu nthawi isanakwane. Anavala diresi yake yabuluu ndi mpango watsopano. M'chikwama anaikamo malisiti a msonkho wa khonsolo amene mayi ake ndi iye analipira zaka zonsezo, omangidwa ndi labala. Usiku wonse anali atakonzekera mawu oti anene. Wiza anafuna kubwera, koma Marwa anakana. Anagwirizana kuti foni ikhale pafupi.

Ankayembekeza galimoto lalikulu lonyezimira. M'malo mwake panaima bokosibode yakale yoyera, yodzaza matope m'mbali, kumbuyo kuli matayala. Munatuluka bambo wonenepa wa dazi, wa zaka ngati makumi anayi ndi zisanu, malaya atatuluka mbali imodzi. Anaima pa mtengo wa mandimu akuyang'ana uku ndi uku, envulopu yakaki ili m'manja. Ataona Marwa anaima chilili.

"Salaam aleikum," anatero.

"Wa aleikum salaam. Khalani, bwana."

Anakhala. Anaika envulopu pa tebulo, n'kuichotsanso, n'kuiika pa miyendo. Zimenezo zinamudabwitsa Marwa.

"Mwafanana ndi azakhali athu," Habib anatero. "Alongo awo a bambo. Ndinachita mantha nditakuonani."

Keziya anabwera ndi beseni la madzi osamba m'manja, kenako mbale zija, kuwonjezapo nyama yosinja yootcha pa timitengo ndi mpunga wophika pamodzi ndi mphodza, anyezi wokazinga ali pamwamba. Habib anayang'ana tebulo, kenako Keziya.

"Mujadara? Kuno ku Mzuzu?"

Keziya anamuyankha mawu angapo m'Chiarabu. Habib anaseka mokweza mpaka anthu a pa tebulo lina anatembenuka, kenako anadzigwira pakamwa.

"Akuti ndidye ndisanalankhule," anauza Marwa. "Ndi mmene agogo anga ankanenera. Malo ano munawapeza bwanji? Ine ndimadutsa mu Mzuzu kawiri pamwezi ndi matayala, ndimangodya tchipisi."

"Ndinafunsa anthu."

Habib anang'amba buledi, koma sanadye. Anamubwezera m'mbale.

"Sindingathe kudya ndisananene. Bambo anamwalira mu Januwale, ku Lebanon. Anabwerera kwawo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo atayamba kudwala."

"Inna lillahi," Marwa anatero motsitsa. Anadikira kuti amve chisoni, koma mumtima munali mantha okha. Dzanja lake linali kale m'chikwama, litagwira malisiti aja.

"Mwezi watha ndinkasanthula sefa yawo yakale ku Limbe. Ndinapezamo izi." Anatsegula envulopu natulutsa pepala lachikasu lopindidwa kanayi. "Ili ndi pepala la puloti ya ku Chiputula. Pamodzi nalo panali kalata ya mayi anu yowauza kuti mwana wabadwa, ndipo amutcha dzina limene bambo anasankha. Ine sindinkadziwa chilichonse. Ndikulumbira. Mayi anga ankadziwa, ndinawafunsa, analira, koma ankadziwa."

"Bwana, ine ndili ndi ana awiri," Marwa anayamba, mawu akutuluka mothamanga osati mmene anawakonzera. "Nyumba ija anamanga ndi mayi anga, njerwa iliyonse. Msonkho talipira ife. Ngati ndi za puloti, mundipatse nthawi, ndikhoza..."

Habib anamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Mukuganiza kuti ndabwera kudzalanda nyumba?"

"Nanga mwabwera kudzatani?"

Bamboyo anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Ndine chitsiru. Ndinalankhula molakwika pa foni paja. Mkazi wanga anandiuza kuti ndifotokoze bwino, koma ndinaopa kuti mukamva zambiri mudula foni." Anatulutsa mapepala ena, oyera, a zidindo. "Awa ndi a loya. Ine, mng'ono wanga ndi mayi tasainira kuti pa puloti ija tilibepo gawo. Chatsala ndi siginecha yanu, ndipo Lolemba tikapereke ku ofesi ya malo kuti dzina lisinthe. Ndigona kuno mpaka Lolemba chifukwa cha zimenezo."

Anakankhira mapepalawo kwa iye. Marwa anawerenga tsamba loyamba. Chingerezi cha maloya chinali chovuta, koma dzina lake analiona, lolembedwa bwino, ndi nambala ya puloti. Anawerenganso kachiwiri. Zilembo zinayamba kusambira. Anatulutsa dzanja m'chikwama, nalipeza lachita dzanzi chifukwa chofinya malisiti.

Sanalire mokweza. Anangophimba nkhope ndi nsonga ya mpango, mapewa akugwedezeka. Habib anayang'ana pansi. Keziya, amene ankabwera ndi jagi ya madzi a mandimu, anabwerera nayo m'khitchini.

"Masiku anayi," Marwa anatero pomaliza akupukuta maso. "Masiku anayi sindinadye bwino chifukwa cha inu."

"Pepani. Pepani kwambiri. Inenso njira yonse kuchokera ku Jenda ndimaganiza kuti mundithira madzi kumaso. Mukanakhala ndi chifukwa." Anapumira. "Zimene bambo anachita sizinali bwino. Pepala silikonza zimenezo, ndikudziwa."

"Silikonza," Marwa anavomera. "Mayi anga anavutika."

"Mungandiuze za iwo?"

Anamuuza. Za usipa wa ku Nkhata Bay umene ankapita kukapikula m'bandakucha, za mmene anaphunzirira Chitumbuka mwa kukangana ndi makasitomala, za ana a sukulu amene ankamutcha Marwa mzungu wosauka ndi mmene mayi ake anapitira kukakalipira mphunzitsi wamkulu. Habib anamvetsera osadula. Nayenso ananena za bambo awo: munthu wolimbikira ntchito, waukali, wosadziwa kupepesa, amene ankakonda mpira wa pa wailesi ndipo ankaopa agalu. Marwa anaseka pa za agaluzo, chifukwa nayenso amawaopa.

Njala inamubwerera mwadzidzidzi. Anadya mpunga wa mphodza uja, nyama, falafelo, saladi. Habib anadya ngati munthu wobwera ku ulendo wautali, akupukuta mbale ndi buledi. Anati humusi wa Keziya ndi wokhakhala pang'ono kuposa wa mayi ake, koma chitowe chake n'chonunkhira kuposa cha m'mabotolo. Keziya atamva anati akauze mayi akewo abwere adzaphunzire kusinja mu mtondo.

"Inu humusi simukudya," Habib anaona.

"Sindimukonda."

"Mwana wanga wamkazinso samukonda. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Atamva kuti ali ndi azakhali ku Mzuzu anafuna kubwera, ndinamukaniza."

"Wanga wamkulu ali ndi khumi ndi zitatu," Marwa anatero. "Ruqayyah."

Atamaliza, Habib anapisa m'thumba. Marwa anakweza dzanja.

"Ayi, achimwene. Ndakuitanani ndine."

Mawuwo anatuluka okha. Onse awiri anawamva. Habib anabweza chikwama chake m'thumba pang'onopang'ono, maso ali ofiira.

"Zikomo, achemwali," anatero.

Marwa analowa m'khitchini kukalipira. Keziya analandira ndalama, nam'patsa kaphukusi ka falafelo wotsala kuti akapatse ana. Foni inali ndi mauthenga asanu ndi awiri a Wiza. Marwa anayankha ndi mawu atatu okha: Nyumba ndi yathu. Isanathe miniti foni inalira, ndipo nthungululu za Wiza zinamveka mpaka pakhonde.

Anagwirizana zokumana Lolemba pa ofesi ya malo nthawi ya eyiti. Habib anakwera galimoto lake, natembenuza kiyi. Injini inakhosomola kawiri n'kukhala chete. Anayesanso. Palibe.

"Batire," anatero akutulutsa mutu pa windo, nkhope ili ndi manyazi. "Ndimagulitsa matayala, koma batire ndimaiwala."

Amuna awiri amene ankadya pa tebulo lina anadzuka akupukuta manja. Keziya anamanga chitenje chake molimba. Marwa anaika chikwama ndi kaphukusi pa mpando, nakwinya manja a diresi, n'kukaima kumbuyo pakati pa onsewo. Anakankha. Matayala anaterera m'matope, kenako anagwira, galimoto linayamba kutsetsereka kulunjika ku phula. Linagwedezeka kamodzi, kawiri, injini n'kulira, utsi wakuda n'kuwaphimba onse.

Habib sanathe kuima, poopa kuti ingazimenso. Anangotulutsa mkono pa windo akukuwa kuti Lolemba, Lolemba. Marwa anatsala pakati pa msewu akupuma mwawefuwefu, matope ali m'mapazi mpaka m'mphepete mwa diresi, akuseka limodzi ndi anthu amene sankawadziwa n'komwe mayina.